Mmene mungakongoletsere nyumba ndi pabwalo ndi ziboliboli zakale popanda kuziwononga

Anthu ambiri kuno ku Kasungu, makamaka amene angomaliza kumanga ndipo ayamba kuganiza za kapinga ndi maluwa, akhala akundifunsa funso limodzi lomwelo: ali ndi chiboliboli chimene anasiya agogo, kapena agula chifaniziro chakale kwa munthu amene akusamuka, ndiye achipake penti wanji kuti chioneke bwino pakhomo? Yankho lake ndi lalitali ndipo pa foni sindimalimaliza, choncho ndaganiza zolilemba pano kuti aliyense aziwerenga pa nthawi yake. Penti ndi chinthu chomaliza kuchiganizira, ndipo kawirikawiri safunika n'komwe. Zinthu zakale zimene ndaziona zitawonongeka kuno zinawonongeka chifukwa cha malo amene zinaikidwa: chinyezi chochokera pansi, chiswe, dzuwa la mu Okutobala, utsi wa mbaula, ndi manja a mwini wake amene ankafuna kuti chinthu cha zaka makumi asanu chioneke ngati chagulidwa dzulo.

M'malangizo ano, ndikanena ziboliboli ndikutanthauza zosemedwa kuchokera ku mtengo kapena mwala. Zifaniziro ndi zoumbidwa ndi simenti, pulasitala kapena chitsulo, monga za Amayi Maria ndi za oyera mtima. Ndipo tizidole ta m'kabati ndi tija tadothi tonyezimira, monga tiagalu, timbalame ndi tiana, timene timakhala m'kabati ya magalasi pabalaza.

1. Yambani ndi kudziwa kumene chinthucho chachokera.

Musanapereke ndalama, funsani wogulitsayo kuti anachipeza kuti, ndipo ngati akuzungulirazungulira poyankha, chisiyeni. Pali zinthu zitatu zimene sindilangiza munthu aliyense kuti aike m'nyumba mwake, ngakhale zitakongola chotani.

Choyamba ndi chilichonse cha mnyanga wa njovu. Ife tili pafupi ndi nkhalango ya Kasungu National Park, kumene mu 2022 anabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo nkhani ya minyanga si yocheza nayo. Lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017 moti milandu ikuluikulu imafika zaka 30 kundende, ndipo kunena kuti anasiya ndi malemu agogo sikukupulumutsani ngati mulibe chilolezo. Mnyanga umazindikirika ndi timizere tosaoneka bwino topingasana kumene anaudula, pamene fupa limakhala ndi timadontho takuda ngati timabowo. Mukapeza chinthu chotere m'katundu wa malemu, pitani nacho nkhaniyo ku ofesi ya Dipatimenti ya Nyama Zakutchire, musayese kuchigulitsa kapena kuchinyamula pa ulendo.

Chachiwiri ndi zigoba za Gule Wamkulu zimene zinavinidwapo. Gule ndi wamoyo m'midzi ya Kasungu ndi Mchinji, ndipo bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi. Chigoba chenicheni ndi cha kudambwe, chili ndi eni ake, ndipo chikapezeka pamsika ndiye kuti wina wachichotsa kumeneko mosayenera. Ngati mumakonda maonekedwe ake, amisiri amasema zina zongogulitsa, zimene sizinalowepo m'bwalo, ndipo zimenezo mungagule ndi mtima uli m'malo.

Chachitatu ndi zochokera kumanda, kumatchalitchi ndi kumalo akale otetezedwa. Mamishoni akale, monga Kachebere ku Mchinji, ali ndi zifaniziro zimene zakhalapo mibadwo ingapo, ndipo munthu wamba akamagulitsa chifaniziro chachikulu cha m'tchalitchi ndi bwino kufunsa kaye bambo mfumu a parishi yapafupi. Dziwaninso kuti pali lamulo loteteza zinthu zakale za fuko, ndipo kutulutsa chinthu chotere kunja kwa dziko, ngakhale kungowoloka nacho pa Mwami kupita ku Chipata, kumafuna chilolezo cha boma.

Malo abwino opezera zinthu zakale ndi m'banja mwanu momwe, kwa anthu osamuka, ndi kwa ogulitsa ziboliboli ku Lilongwe amene nthawi zina amakhala ndi zakale kuseri kwa zatsopano. Zosemedwa ku Mua, kumene malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni anayamba mu 1976, zina zakwanitsa kale zaka makumi anayi, ndipo ndi zoyenera kuzisunga bwino.

2. Dziwani kuti chinapangidwa ndi chiyani.

Zonse zimene zikutsatira zikudalira pamenepa, chifukwa chimene chimathandiza simenti chimapha pulasitala. Chitembenuzeni muone kunsi, kumene kulibe penti. Pulasitala ndi woyera ngati choko, ndi wopepuka, ndipo amakandika ndi chikhadabo. Simenti ndi yotuwa, yolemera, ndipo mumaoneka mchenga. Dothi lowotcha la kwathu kuno limamwa dontho la madzi nthawi yomweyo, pamene dothi lonyezimira la kunja silimwa, limazizira m'manja, ndipo limalira mukaligogoda pang'ono ndi chala. Mwala wofewa, umene ziboliboli zambiri za ku Zimbabwe ndi zina za kuno zimasemedwa nawo, umaterera m'manja ndipo umakandika ndi mpeni. Pa zachitsulo yesani maginito: ikamata ndi chitsulo wamba chimene chidzachita dzimbiri, ikakana mwina ndi mkuwa.

Pa zamtengo, mlombwa ndi wofiirira ndipo sulemera kwambiri, muwanga ndi wolimba ndi wolemera, mbawa ndi yofiira. Phingo weniweni ndi wakuda mpaka mkati, amalemera modabwitsa poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo nthawi zina msemi amasiyako mbali yoyera ya kunja kwa mtengowo. Ziboliboli zambiri zimene amati ndi za phingo zimakhala za mtengo wina wopakidwa polishi wa nsapato. Pukutani kunsi kwake ndi kansalu koyera konyowa pang'ono ndi sipiriti, ndipo kakada mudziwa zoona. Sikuti chinthucho n'choipa, koma mtengo wake wogulira ndi kasamalidwe kake zimasiyana.

Kunsi komweko n'kumene mungadziwirenso zaka zake. Tizidole tambiri ta m'makabati a kuno tinabwera ndi azibambo amene ankagwira ntchito ku Joni ndi ku Salisbury (masiku ano Harare), makamaka chisanafike chaka cha 1974 pamene Kamuzu Banda anaimitsa ulendo wa Wenela wopita ku migodi ya ku Joni, ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown ku Botswana. Chidindo chakuti Made in Occupied Japan chikusonyeza kuti chinapangidwa chisanadutse chaka cha 1952, chakuti West Germany ndi cha pakati pa 1949 ndi 1990, chotchula Rhodesia ndi cha 1980 isanafike, ndipo chotchula Nyasaland ndi cha 1964 isanafike. Chidindo chimenechi musachifute ndiponso musachipake chilichonse.

3. Chamtengo chilichonse chiyambe chakhala pachokha.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa chifukwa cha chisangalalo. Amachilowetsa pabalaza tsiku lomwelo, n'kuchikhazika pafupi ndi mipando ndi zitseko, osadziwa kuti mkati mwake muli tizilombo toboola mitengo. Timabowo tating'onoting'ono tokha sitisonyeza kuti tizilomboto tikadali tamoyo. Kuti mudziwe, chipukuteni, muchikhazike pa pepala lakuda m'chipinda chopanda mipando yamatabwa, ndipo muchisiye osachigwedeza kwa milungu itatu kapena inayi. Mukapeza ufa woyera watsopano pansi pa timabowoto, ndiye kuti chikufumbwabe.

Njira yodalirika kwa chiboliboli chosapakidwa penti ndiyo kuzizira. Chikulungeni m'nsalu youma, muchiike m'pulasitiki wolimba, mutulutsemo mpweya ndi kumanga bwino, kenako chikhale m'firiji yaikulu yowumitsa nyama, imene imafika -18°C, kwa milungu iwiri. Magetsi akazima nthawi yaitali mpaka madzi oundana kusungunuka, yambiraninso kuwerenga. Pochitulutsa musamasule pulasitikiyo kwa tsiku lathunthu kapena awiri, kuti chinyezi chiundane kunja kwa pulasitiki osati pa mtengowo. Ngati chili ndi penti amene akusupuka kapena zidutswa zomatidwa ndi guluu, musachiike m'firiji. Gulani mankhwala a tizilombo ta m'matabwa kusitolo ya zomangira, muwathire m'bowo lililonse ndi jekeseni, muli panja, mutavala magolovesi. Ana a tizilomboti amatha kukhala mkati mwa mtengo chaka chathunthu, choncho mudzachionenso nyengo yotentha ikubwerayo.

Zinthu ziwiri ndikukupemphani kuti musachite. Musachipake oilo wakuda wa galimoto monga tichitira ndi mitengo ya khola, chifukwa sadzachokanso ndipo fungo lake silitha. Ndipo musagwiritse ntchito mapilisi aja osungira chimanga m'matumba: mpweya wake umapha munthu m'nyumba yotseka, ndipo palibe chiboliboli chimene chingafanane ndi moyo wa mwana.

4. Tsukani pang'ono, ndipo muyambe ndi njira youma.

Burashi yofewa ya penti, yatsopano, imachotsa gawo lalikulu la litsiro. Pulasitala asakhudze madzi ngakhale pang'ono, chifukwa amasungunuka ndipo nkhope imafufutika. Kwa iye burashi yokha yakwana. Tizidole tadothi tonyezimira tsukani m'beseni la pulasitiki loyalamo thaulo pansi, ndi madzi ofunda ndi sopo wochepa wa mbale, kamodzikamodzi, koma malo opakidwa golide musakhule. Simenti ndi mwala tsukani ndi madzi a mvula ndi burashi ya pulasitiki. Madzi a mijigo ina kuno ali ndi mchere umene umasiya zoyera ukauma, ndipo mcherewo ukalowa mkati umasupula khungu la chifaniziro pang'onopang'ono. Burashi yawaya, sandipepa ndi asidi wotsukira matailosi zikhale kutali.

Chamtengo chipukuteni ndi nsalu youma, kenako muchipake phula la njuchi kapena polishi wopanda mtundu, wochepa kwambiri, n'kupukuta mpaka chiwale. Mafuta ophikira amaola, amagwira fumbi ndipo amaitana mphemvu ndi nyerere. Vanishi nayenso amaphimba zizindikiro za sompho ndi mpeni wa msemi, zimene ndiye ulemerero wa chinthucho, ndipo akayamba kusupuka amaoneka moipa kuposa kale.

Mkuwa wakale umada n'kukhala wobiriwira pang'ono, ndipo mtundu umenewo umauteteza komanso ndi umene anthu odziwa amaufuna. Mukaukwecha mpaka kuwala ngati belu la kusukulu mwachotsa zaka zake zonse m'mphindi zochepa. Chodetsa nkhawa ndi ufa wobiriwira motuwa umene umatuluka m'timaenje ndi kubweranso mukaupukuta. Chikatero chisungeni pamalo ouma kwambiri, pachokha.

Ngati chifaniziro chili ndi penti wakale, kumbukirani kuti penti wa kale ankakhala ndi mtovu, umene ndi poizoni makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Musamupale ali wouma, ndipo ana asamaseweretse zidutswa zake.

5. Zothyoka.

Sungani kachidutswa kalikonse mu envulopu. Chamtengo mumamata ndi guluu woyera wa akalipentala, chadothi ndi guluu uja wa machubu awiri osakaniza. Yesani kaye kulumikiza popanda guluu kuti mudziwe dongosolo lake, pakani wochepa, ndipo mukhazike chinthucho m'beseni la mchenga wouma, mothyokamo muli pamwamba, kuti chisasunthe mpaka tsiku lotsatira. Mng'alu wa mtengo umene unabwera chifukwa cha kuuma musaudzaze ndi simenti kapena guluu wolimba, chifukwa umatseka m'dzinja ndi kutseguka m'chilimwe, ndipo mukautsekereza mtengowo udzang'ambika pena. Chala chosowa kapena khutu lobenthuka si chilema choti muchite nacho manyazi pa chinthu chakale.

6. Kuziika m'nyumba.

Vuto la mabalaza ambiri ndi kuchulukitsa. Kabati imadzaza ndi tizidole, makapu a ukwati, maluwa a pulasitiki ndi zithunzi mpaka diso silikudziwa poima. Sankhani chimodzi chimene mumachikonda koposa, muchipatse malo akeake pamene munthu wolowa pakhomo adzayamba kuona, pa msinkhu wa maso a munthu wokhala pampando. Zing'onozing'ono ziikeni m'magulu a zitatu kapena zisanu, zosiyana kutalika, chachitali kumbuyo, ndipo musiye mpata pakati pa gulu ndi linzake. Ziyanjane pa chinthu chimodzi: zonse zamtengo, kapena zonse zanyama, kapena zonse zochokera kwa munthu mmodzi. Zotsalazo sungani m'katoni, chilichonse chokulungidwa pachokha, ndipo muzisinthanitsa pakapita miyezi. Chakuda chimaoneka bwino kutsogolo kwa khoma loyera, choyera kutsogolo kwa thabwa lofiirira kapena nsalu yachitenje ya mtundu umodzi.

Pewani pawindo pamene dzuwa lamadzulo limalowa, pamwamba pa firiji ndi pa sipika pamene pamanjenjemera, pafupi ndi khitchini kumene kumachokera utsi, ndi pansi pa lata lodontha. Amene mumayatsa kandulo patsogolo pa chifaniziro popemphera, iikeni patali ngati utali wa mkono ndipo ikhale m'kagalasi, chifukwa mwaye ukalowa mu pulasitala suchoka. Chiboliboli chachikulu chamtengo chisakhale pa simenti mwachindunji: madzi okolopera amalowa kumapazi tsiku ndi tsiku, ndipo chiswe chimatulukira m'ming'alu ya pansi. Chikhazikeni pa mwala wafulati kapena pa kathebulo kachitsulo. M'nyumba ya ana aang'ono, shelefu ikhomeredwe kukhoma ndipo zosweka zikhale m'mwamba.

7. Kusankha chotuluka panja, ndi malo ake.

Zoyenera kukhala pamtetete ndi simenti, mwala wolimba, mkuwa ndi chitsulo chopakidwa bwino. Pulasitala satuluka panja. Chamtengo chifike pakhonde kapena m'kanyumba ka udzu kopumuliramo basi, ndipo ngakhale pamenepo mvula yowomba ndi mphepo isachipeze. Dothi lowotcha la kuno likhale pansi pa denga. Amene mukumanga goloto, kanyumba koikamo chifaniziro panja, ikani denga lotulukira kutsogolo, ndipo ngati muikapo chitseko cha galasi siyani timabowo ta mpweya m'mwamba ndi m'munsi, apo ayi mkatimo mumachita thukuta ndipo penti amatupa.

Musanakumbe, ikani ndowa kapena mpando pamalo amene mukuganizawo ndipo muziuyang'ana kwa masiku angapo kuchokera pageti, pakhonde ndi pawindo la pabalaza. Malo abwino ndi kumapeto kwa kanjira, pokhotera, kapena patsogolo pa mpanda wa maluwa obiriwira, osati pakati penipeni pa kapinga pamene chimaoneka ngati chasochera. Nkhope iyang'ane kum'mawa ngati n'kotheka, kuti dzuwa laukali la masana ndi madzulo liziwomba kumsana. Pansi pa mango ndi pokopa chifukwa cha mthunzi, koma pamagwa utomoni, zipatso ndi zitosi za mbalame ndi mileme, ndipo mizu imakankha maziko. Pewaninso pamene madzi a padenga amagwera, pamene madzi amadikha mvula ikagwa, pafupi ndi chulu, ndi pamene panali chitsa.

8. Maziko, amene ambiri amawadumpha.

Chifaniziro chokhazikidwa pa dothi, kapena pa njerwa ziwiri zongosanja, chimayamba kuwonongeka mvula yoyamba yomwe. Simenti ndi mwala zimakoka madzi kuchokera pansi monga chingwe cha nyali chikokera parafini. Madziwo amakwera ndi mchere wa m'dothi, amauma padzuwa, mcherewo n'kutsala mkati, ndipo mapazi amayamba kufumbutuka. Zifaniziro zambiri za simenti zili ndi waya kapena chitsulo mkati. Chinyezi chikachipeza chimachita dzimbiri, dzimbirilo limatupa, ndipo limang'amba simenti kuchokera mkati. Mukaona mzere wofiira ukutsika pa mwendo, ntchitoyo yayamba kale. Komanso katondo amafewa m'dzinja ndi kuuma gwa m'chilimwe, choncho chinthu cholemera chimapendekeka chaka ndi chaka mpaka mbuzi kapena kamvulumvulu wa mu Seputembala adzangomalizitsa.

Miyeso ili m'munsiyi ndi ya chifaniziro chosapitirira mita imodzi, chimene anthu awiri angathe kunyamula. Chikaposa pamenepo itanani mmisiri womanga.

Kumbani dzenje la masentimita 60 mbali zonse, lakuya masentimita 35 kapena 40, mpaka mutadutsa dothi lakuda la pamwamba ndi kufika polimba. Chotsani muzu uliwonse ndi kamtengo kalikonse, chifukwa zimenezo ndi chakudya cha chiswe. Ngati pamalopo chiswe n'chambiri, thirani mankhwala ake ogulidwa kusitolo yovomerezeka, motsatira zolembedwa pa botolo, koma osati pafupi ndi chitsime. Ikani miyala yoswa kapena zibenthu za njerwa masentimita 15, musinje mpaka zisiye kutsika. Pamwamba pake thirani konkire wokhuthala masentimita 10 kapena 15, wosakaniza ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa kumtsinje ndi zinayi za miyala ya kwale. Mchengawo ukhale wotsuka: mukaufinya m'manja n'kusiya matope, ndiye kuti uli ndi dothi ndipo konkireyo sadzalimba. Madzi akhale ochepa, oti konkire aziima pa fosholo. Amisiri ena amakonda kumuchulutsira madzi kuti asavute kusalaza, ndipo apa muyenera kuimirira pomwepo. Yesani ndi levulo mbali zonse ziwiri, mufunditse ndi masaka, ndipo muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7.

Kenako mangani nsanamira ya njerwa zopsa bwino kapena mabuloko, ya masentimita 40 mbali zonse. Mukatuluka pamwamba pa nthaka ndi mizere iwiri ya njerwa, yalani pulasitiki wakuda wokhuthala amene amisiri amamutcha DPC, yemwe uja amaikidwa pa maziko a nyumba, adzaze mulifupi monse ndi kutulukira pang'ono m'mbali. Kameneka ndi kanthu kotchipa koposa zonse pa ntchitoyi, koma ndi kamene kamadula njira ya madzi ochokera pansi. Popaka pulasitala wa simenti kunja kwa nsanamira, uzani mmisiri kuti adule mzere pa pulasitikipo. Akapaka kuchokera pansi mpaka pamwamba mosadukiza, madzi amakwera kudzera mu pulasitalayo ngati kuti simunaikepo kanthu. Nsanamirayo italike masentimita osachepera 30 kuchokera pa nthaka, chifukwa mvula yamphamvu imathovukira matope pafupifupi kufika pamenepo, ndiponso kuti tinjira tadothi ta chiswe tizioneka tisanafike pamwamba.

Pamwamba pa nsanamira pakhale chivundikiro cha konkire chotulukira masentimita 4 kapena 5 mbali zonse, chokwera pang'ono pakati kuti madzi asadikhe. Pochiumba, yalani chingwe chonyowa m'chikombole, mozungulira, chala chimodzi kuchokera m'mphepete. Konkire akauma n'kusolola chingwecho, kunsi kumatsala kangalande, ndipo madzi otsika pamwamba akafika pamenepo amadontha pansi m'malo motsetsereka ndi khoma. Mukamaliza zulani matabwa onse ndi zikhomo zonse za chikombole. Amisiri ambiri amakwirira zimenezi m'dzenje momwemo, ndipo pakangotha miyezi yochepa chiswe chimakhala chamanga mudzi pansi pa chifaniziro chanu.

Dikirani milungu inayi musanakhazikepo chinthu, kuti simenti yatsopano ikhwime ndi kutulutsa mchere wake.

Pokhazika, musamize mapazi a chifaniziro mu simenti. Anthu amachita zimenezi poopa akuba, ndipo mantha akewo ndi omveka, makamaka pa zamkuwa zimene ogula zitsulo zakale amazifuna. Koma chomizidwa sichipuma kunsi, ndipo tsiku losamuka mudzachithyola miyendo pochichotsa. Ngati chili ndi bowo kunsi, zikani m'chivundikirocho chitsulo chosachita dzimbiri chokhuthala mamilimita 10 kapena 12, chotulukira m'mwamba kuti chilowe m'bowolo mosathina; chitsulo wamba chomangira chidzachita dzimbiri n'kuching'amba. Ngati chilibe bowo musachiboole nokha, koma wowotcherera zitsulo akupangireni tizitsulo titatu togwira m'mphepete mwa tsinde lake, tomangidwa ndi mabawuti, ndipo pakati pa chitsulo ndi chifaniziro muikepo labala. Pansi pake ikani tizidutswa tinayi ta chubu cha njinga kapena cha galimoto kuti padutse mpweya. Chamkuwa chaching'ono, kunena zoona, ndi bwino chikhale m'nyumba kapena mkati mwa mpanda kumene sichioneka kumsewu.

Pomaliza zungulizani nsanamirayo ndi miyala ing'onoing'ono mulifupi mwa masentimita 30 kapena 40. Imachepetsa kuthovuka kwa matope, ndipo wotchetcha kapinga safika ndi chikwakwa pafupi.

9. Zomera ndi chisamaliro cha chaka chonse.

Zomera zikhale kumbuyo ndi m'mbali, zisakhudze chifaniziro. Zazifupi zosafuna madzi ambiri, monga alovera, ndizo zoyenera pafupi, chifukwa simudzathirira tsiku ndi tsiku pa maziko. Maluwa oyanga ndi okongola pa mpanda, koma akakwera pa chifaniziro amasunga chinyezi ndi kukanda penti. Wothirira amuuze bwino kuti paipi iloze pansi, osati pa chifaniziro.

Ngati chifaniziro cha simenti chinali chopakidwa kale ndipo pentiyo watha, apa ndiye mungapake, m'chilimwe chitauma bwino, ndi penti wa madzi wa makoma a kunja, mopyapyala, kusiya kunsi kosapaka. Penti wa oilo amatsekera chinyezi mkati n'kuyamba matuza. Chimene sichinapakidwepo chisiyeni chomwecho. Ndere zochepa zouma pa mwala sizivulaza, ndipo zochuluka zimachoka ndi burashi ndi madzi.

Mu Okutobala, mvula isanayambe, yang'anani ming'alu, mizere ya dzimbiri ndi mabawuti, ndipo zamkuwa muzipake phula mopyapyala. Kuyambira Disembala mpaka Malichi zungulirani nsanamira kamodzi pa mlungu kufufuza tinjira ta chiswe, ndipo mukatipeza tiphwanyeni ndi kulondola kumene tachokera. Musakulunge chifaniziro m'pulasitiki nyengo yonse ya dzinja, chifukwa mkatimo mumatentha ndi kunyowa kuposa panja. Ngati mukufuna kuchiteteza, kadenga ka pamwamba kosatseka m'mbali ndiko koyenera. Mu Meyi tsukani matope, muyesenso ndi levulo kuti muone ngati maziko atsika. M'nyumba, fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala lichotsedwe ndi burashi kamodzi pa mlungu, ndipo ponyamula chilichonse gwirani tsinde ndi manja awiri, osati mutu kapena mkono.

Jambulani chilichonse ndi foni kutsogolo, kumbuyo ndi kunsi, ndipo mulembe m'kope dzina la mwini wake woyamba, kumene anachipeza, chaka ngati chikudziwika, ndi chilichonse chimene mwachipaka kapena kuchimata. Zithunzizo zidzakuthandizani kupolisi chikabedwa, ndipo kopelo lidzathandiza mmisiri wodzachikonza kuti adziwe guluu ndi mankhwala amene analowamo kale. Chilichonse chipatseni nambala m'kopemo, ndipo nambalayo muilembenso ndi pensulo pa kapepala komangirira ndi ulusi, osati ndi inki pa chinthu chenichenicho.